Bilimankhwe wa ku Kadango: momwe Jack Mapanje ankabisira mawu

Mukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi kuchokera pa boma la Mangochi n'kukhotera kumanzere, msewu umakutengerani ku Malindi, kenako ku Lungwena, n'kumapitabe cha ku Makanjira, nyanja ili kumanzere, mapiri kumanja. Mudzi wa Kadango uli m'dera limenelo. N'kumene Jack Mapanje anabadwira pa 25 Malichi 1944, boma lino likutchedwabe Fort Johnston, m'banja la Chiyao ndi Chinyanja. Ambiri kuno amadziwa chinthu chimodzi chokha cha iye: anamangidwa nthawi ya Kamuzu chifukwa cha ndakatulo. Ndi zoona, koma ndi fupa chabe la nkhaniyo. Mnofu wake ndi luso limene munthuyu anagwiritsa ntchito zaka zoposa 15 asanamangidwe, luso lonena zoona pamaso pa mfumu popanda kuitchula dzina. Lusoli lili ndi zida zake ndi kapangidwe kake ngati mono wa nsomba, ndipo lili ndi pomwe limathera mphamvu. Sanakaliphunzire ku London. Mizu yake ili kuno, pa mtondo, pa bwalo ndi pa dooko.

Kuti mumvetse chifukwa chake mnyamata wa kutsidya kuno anakula akudziwa kulankhula mozungulira, kumbukirani zomwe boma lino linaona iye ali ndi zaka 20. Mu 1964, patangopita miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, nduna zinasemphana ndi Dr Banda. Mmodzi wa izo anali Henry Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa Anglican wa ku Malindi, phungu wa Fort Johnston. Mu Febuluwale 1965 anthu ake analanda boma la Fort Johnston usiku n'kuuyamba ulendo wa ku Zomba, koma anakakanika pa Liwonde chifukwa pantoni inali tsidya lina la Shire. Zotsatira zake zinagwera anthu wamba. Midzi inasakidwa, anthu anatengedwa, Medson Silombela, mmodzi wa otsatira a Chipembere, anapachikidwa ku Zomba mu 1966, ndipo patapita zaka zochepa anthu a m'mudzi wa Moto anakwezedwa m'malole chigulu, amuna ndi akazi omwe, kupita kundende. Kuyambira pamenepo kungonena kuti kwanu ndi ku Malindi kapena ku Makanjira kunali kokwanira kuti akuyang'ane kawiri. Munthu wa kuno anaphunzira kuyesa mawu ake asanawatulutse, monga msodzi amayang'ana kaye mwera asanakankhe bwato.

Mapanje anaphunzira ku Zomba Catholic, ija timati Box 2, kenako ku University of Malawi. Cha mu 1970, Chancellor College idakali ku Chichiri isanasamukire ku Zomba, ophunzira ndi aphunzitsi angapo anayambitsa gulu la alembi lotchedwa Writers' Group. Mapanje ndi Lupenga Mphande anali m'gulu la oyambitsa, ndipo pakupita kwa zaka munadutsa Frank Chipasula, Steve Chimombo, Anthony Nazombe, Ken Lipenga ndi ena, pamodzi ndi aphunzitsi monga Felix Mnthali, Landeg White ndi David Kerr. Kachitidwe kawo kanali kosavuta. Wolemba ankapereka ndakatulo yake, n'kuitayipa, n'kuichulukitsa pa makina, aliyense n'kukhala ndi pepala lake m'manja. Inkawerengedwa mokweza, kenako anzake n'kuyamba kuisenda mzere ndi mzere. Onse ankadziwa kuti m'chipindamo mukhoza kukhala khutu la apolisi achinsinsi a Special Branch, motero ngakhale kukambirana komweko kunali kophiphiritsa: munthu ankatsutsa kuti chifaniziro chakuti chaonekera kwambiri, osanena kuti chaonetsa yani. Mu 1971 gululi linatulutsa kabuku ka ndakatulo 39 kotchedwa Mau. Dzina limenelo ndi lalifupi, koma m'dziko limene mawu anali ndi mwini wake mmodzi, linali lolemera.

Malamulo omwe ankawazinga anali awiri, ndipo ndi bwino kuwasiyanitsa chifukwa nkhani yonse ya Mapanje yagona pa kusiyana kwake. Loyamba linali la 1968 lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo, lomwe linakhazikitsa Censorship Board. Limeneli linkalimbana ndi pepala: bungweli linkawerenga, n'kuloleza kapena kuletsa. Lachiwiri linali la chitetezo cha dziko, lomwe linkapatsa boma mphamvu yosunga munthu m'ndende popanda kumuzenga mlandu, kwa nthawi yosatchulidwa. Limeneli linkalimbana ndi thupi la munthu, ndipo silinkafuna umboni. Sam Mpasu anatsekeredwa ku Mikuyu mu 1975 chifukwa cha buku lake la nthano lotchedwa Nobody's Friend. Felix Mnthali anatengedwa mu 1976. Alembi David Rubadiri ndi Legson Kayira anali kunja kale, ndipo Chipasula ndi Mphande anawatsatira. Otsala anayenera kupeza njira yodutsira pa lamulo loyamba, n'kumapemphera kuti lachiwiri lisawaone.

Njirayo tiione pa ndakatulo imodzi yaifupi, Song of Chickens. Olankhula ndi nkhuku. Zikufunsa mwini wake: suja munkatiteteza kwa akabawi ndi mauta ndi malegeni, mukunena kuti nkhuku zanu zisakhudzidwe, nanga bwanji lero mukutizinga nokha kuti mukondweretse mlendo? Mwana aliyense wa ku Lungwena akhoza kuimva, pakuti anaonapo nkhuku yomwe ankaithamangitsira kabawi dzulo ikugwidwa lero chifukwa kwabwera amalume. Nkhani ya pamwambayo ndi yathunthu payokha, ilibe chibowo. Koma amene anali moyo mu 1970, pomwe John Vorster, nduna yaikulu ya boma la tsankho la South Africa, analandiridwa muno ndi ulemu wonse, ankamva zina pansi pake: mtsogoleri amene analonjeza kuteteza anthu ake kwa atsamunda tsopano akuwapereka nsembe kuti mlendo adye bwino.

Taonani zida zomwe zagwira ntchito. Wolankhula si Mapanje, ndi nkhuku, choncho palibe chiganizo chomwe wapolisi angaloze n'kunena kuti mphunzitsi uyu wanena chakuti. Wolankhulidwayo alibe dzina, ndi mwini khola basi. Ndipo ndakatuloyo sikutsutsa, ikufunsa. Funso ndi chida champhamvu kwambiri m'thumba la Mapanje, chifukwa yankho limabadwira m'mutu mwa womvera, osati pa pepala. Wounika mabuku akafuna kuiletsa ayenera kulemba m'lipoti lake kuti mwini nkhuku wakupha nkhuku zakeyo ndi Ngwazi, ndipo akatero ndiye kuti wanyoza ndi iyeyo. Msampha wake ndi umenewo. Amayi a kuno amaudziwa bwino: mkazi akamasinja n'kumaimba za tambala woyendayenda amene sagona pakhomo, apongozi ali pakhonde akumva, palibe angamutengere kwa ankhoswe, chifukwa wodandaula ndiye wavomera kuti tambalayo ndi mwana wake. Landeg White ndi katswiri wa mbiri Leroy Vail analemba zambiri za mwambo umenewu wa m'chigawo chino cha Africa, wakuti nyimbo ili ndi ufulu wonena zomwe pakamwa wamba sipanganene.

M'ndakatulo zina anagwiritsa ntchito munthu wokalamba m'malo mwa nyama. Mu The New Platform Dances wolankhula ndi katswiri wakale wa gule wa tchopa, amene akukumbuka momwe ankavinira fumbi lili koboo, mikanda ndi zikopa zili m'chiuno, litchowa lili m'manja, ndipo tsopano akuona ana ake aakazi akuvina magule atsopano a pa nsanja. Palibe Mmalawi wa nthawi imeneyo amene sankadziwa kuti litchowa ndi la yani, kapena kuti mbumba inkatengedwa pa malole kukavina pa misonkhano. Koma pa pepala pali nkhalamba yodandaula kuti gule waonongeka, ndipo kudandaula kotero ndi kwa nkhalamba iliyonse. Mu When This Carnival Finally Closes anafika pafupi kwambiri ndi moto: akuuza mkulu wina kuti chikondwerero chikadzatha, anthu omwewa akumuimbira lerowa ndi amene adzaotche mapepala a nyimbo zomutamanda n'kuswa zikho zomwe ankamwera. Kunena za imfa ya Wamuyaya kunali mlandu pakokha. Chomwe chinaiteteza ndakatuloyi n'chakuti ikumveka ngati chenjezo la bwenzi, osati temberero la mdani. Ndimaiona kuti ndiyo yolimba mtima kuposa zonse m'buku loyamba, ndipo zomwe inanena zinachitikadi pambuyo pa 1994.

Dzina la bukulo, Of Chameleons and Gods, nalonso ndi la kwathu. Bilimankhwe, ena amati nanzikambe, ali ponseponse m'nthano zathu za chiyambi. M'nthano ya Ayao ndiye anavuula mono wake n'kupezamo mwamuna ndi mkazi oyamba, anthu omwe pambuyo pake anapeka moto, n'kutentha tchire, mpaka Mulungu anathawira kumwamba pa ulusi wa kangaude. M'nthano ina ndiye anatumidwa ndi uthenga wa moyo, koma chifukwa cha kuyenda kwake konyang'ama buluzi anamupitirira ndi uthenga wa imfa. Ndipo m'nyimbo ya ana timamufunsa chifukwa chake maso adatupa, iye n'kuyankha kuti kwawo kuli maliro. Choncho Mapanje posankha bilimankhwe sanangotanthauza kusintha mtundu pobisala, monga owerenga akunja ambiri amamvera. Anatanthauzanso mthenga wochedwa amene wanyamula mawu amoyo, ndi mboni yotupa maso imene ana akuiseka osadziwa chomwe yaona. Wowerenga wa ku Mangochi amafika pa bukuli ali ndi makiyi atatu, pomwe wa ku London ali ndi imodzi.

Luso limeneli limalephera m'njira zodziwika, ndipo alakatuli achinyamata omwe amatumiza ndakatulo ku wailesi masiku ano amagwa m'maenje omwewo. Chophimba chikakhuthala kwambiri, uthenga umafera mkati: ndakatulo zina za nthawi imeneyo zinadzaza Napolo, Chauta ndi Kaphirintiwa mpaka ngakhale anzawo a m'gulu sankadziwa chomwe zikunena, ndipo chinthu chomwe wapolisi sangachimve nthawi zambiri mlimi sangachimvenso. Chikapyapyala, monga kutchula nkhalamba ya chipewa ndi ndodo, sichibisanso kanthu. Koma kulephera kofala kwambiri n'kwakuti nkhani ya pamwamba imakhala yakufa. Wolemba amafulumira kufika pa ndale, nkhuku zake n'kukhala zopanda nthenga, zosalira ngati nkhuku. Mapanje sankatero. Mu Kabula Curio-Shop amayamba wakuonetsani wosema ziboliboli, mtengo wakuda uli pakati pa miyendo, maso ofiira ndi utsi, thukuta lili kamukamu, kenako n'kukuonetsani chosemacho chitathyoka, chitaponyedwa pakona ya sitolo ya alendo pambuyo poti mtengo wake wanenereredwa mpaka pansi. Ngakhale mutachotsamo ndale zonse, wosemayo alipobe, ndipo aliyense amene anaimapo pa msewu wa ku Monkey Bay pomwe amagulitsa ziboliboli amamuzindikira.

Buku la Of Chameleons and Gods linatuluka mu 1981 ku kampani yosindikiza mabuku ya Heinemann, m'ndandanda wa African Writers Series, iye ali ku London kuchita maphunziro a udokotala wa zilankhulo. Ku Malawi silinaletsedwe poyera, komanso silinalolezedwe. Mu 1985 linangochotsedwa m'masitolo a mabuku, m'malaibulale ndi m'sukulu. Kachitidwe kameneka kakusonyeza kuti msampha uja unagwira: kuliletsa mwalamulo kukanafuna kufotokoza chifukwa, ndipo palibe ankafuna kukhala woyamba kumasulira nkhuku zija pamaso pa mwini wake. Pa lamulo la pepala, bilimankhwe anapambana.

Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Mapanje anabwerera ku Chancellor College mu 1983, chaka chomwe nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Anakhala mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, anali wapampando wa bungwe la akatswiri a zilankhulo a m'mayunivesite a maiko a SADCC, mgwirizano wa maiko a kummwera kwa Africa wa nthawi imeneyo, ankaitanidwa kunja, mawu ake ankamveka pa BBC. Ndakatulo zake zatsopano zinayamba kuvula chophimba. Ndipo apa ndi pomwe luso lija linathera: chiphiphiritso chimateteza ndakatulo kwa wounika mabuku, koma sichiteteza mlakatuli kwa munthu amene safuna umboni. Mkazi wa pa mtondo uja amatetezedwa chifukwa mudzi wonse, ndi apongozi omwe, unavomereza kuti nyimbo siyimbidwa mlandu. Boma la chipani chimodzi linatenga magule ndi nyimbo za makolo n'kuzikweza pa nsanja, koma pangano limenelo linalisiya pansi.

Lachisanu pa 25 Seputembala 1987 apolisi anamupeza ku Gymkhana Club ku Zomba. Anamumanga unyolo, anakasecha ku ofesi ndi kunyumba kwake, anapita naye ku Blantyre, kenako ku Mikuyu. M'buku la mbiri yake amafotokoza kuti akuluakulu a polisi omwe anamuzungulira tsiku limenelo anamufunsa iye mwini chifukwa chomwe akuganiza kuti wamangidwira, pakuti lamulo linachokera kumwamba popanda fayilo. Mpaka anatuluka sanauzidwe mlandu wake. Chomwe chinathandiza kuti asangosowa monga anasowera ena ndi liwiro la uthenga. Bambo Patrick O'Malley, wansembe wa ku Ireland amene ankaphunzitsa naye, anaimba telefoni kwawo n'kulankhula m'chilankhulo cha Chiairishi kuti omvetsera mobisa asatolepo kanthu. Uthengawo unafika kwa Landeg White ku York, ndipo posakhalitsa BBC inalengeza. Munthu amene dzina lake lamveka pa wailesi ya dziko lonse ndi wovuta kumupereka kwa ng'ona mwakachetechete. Ulendo uno buluzi sanapitirire.

Ku Mikuyu kunalibe cholembera, pepala, nyuzipepala kapena wailesi. Akaidi ankavala foya, kugona pansi, kudya mgaiwa ndi nyemba zofumbwa, ndowa ili pakona. Banja lake linaloledwa kudzamuona patapita pafupifupi zaka ziwiri. Mkatimo anapezamo anthu onga Martin Machipisa Munthali, amene anakhala m'ndende zaka 27, ndipo pambuyo pake munalowa Dr George Mtafu, dokotala wa opaleshoni ya ubongo. Mlakatuli wopanda pepala amagwira ntchito motani? Mapanje wafotokozapo kuti ankapeka m'mutu, n'kumasunga mitu ya ndakatulozo, kuti akadzatuluka mutu uliwonse udzakoke thupi lake. Njira imeneyi ndi ya woimba, osati ya wolemba. Chomwe chimasungika m'mutu ndi chomwe chili ndi kayendedwe: mzere wobwerezedwa, chiwerengero, dzina la malo, chithunzi chimodzi chakuthwa. Mawu ofotokozera ndi olumikizira amayoyoka. N'chifukwa chake ndakatulo zambiri za ku Mikuyu zili ndi msana wobwerezabwereza. Chitsanzo chabwino ndi ndakatulo ya Skipping Without Rope. Akaidi sankaloledwa chingwe poopa kuti angadzimangirire, choncho iye akudumpha chingwe chomwe palibe, akuwerenga, ndipo mizere yake ikudumpha pamodzi ndi mapazi. Muiwerenge mokweza, mudzapeza kuti mpweya ukukutherani pomwe wodumphayo ukumuthera.

Timbalame togwedeza mchira tomwe tinapereka dzina ku buku lachiwiri, The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison, la 1993, sitinali chifaniziro chopeka. Tinkagona tambirimbiri pa waya wa pamwamba pa bwalo la akaidi, n'kumagwetsa zitosi zomwe akaidi ankakolopa m'mawa uliwonse, ndipo kulira kwake akaidi ankakumasulira ngati kulosera alendo kapena kumasulidwa. Akaidiwo, olongolola usiku wonse za milandu yomwe sanauzidwe, anasanduka timbalame tomweto. Ndakatulo ina m'bukuli, Scrubbing the Furious Walls of Mikuyu, imanena za kulamulidwa kukwecha makoma omwe akaidi akale anakandapo maina, masiku ndi mapemphero awo. Iye akuona kuti kukwecha khomalo n'kufafaniza kaundula yekhayo amene anthuwo anasiya. Apa palibenso nkhuku kapena nkhalamba ya tchopa. Munthu amene ali kale m'chitolokosi alibe chifukwa chobisalira, ndipo liwu lake likutchula zinthu ndi maina ake.

Makalata ankatuluka ndi kulowa mobisa, olembedwa pa timapepala ta kuchimbudzi ndi pa zokutira sopo, kudzera mwa msilikali wa ndende amene anaika moyo wake pachiswe. Ankafika kwa O'Malley ndi David Kerr, iwo n'kuwatumiza kunja. Kumeneko Amnesty International, bungwe la alembi la PEN ndi magulu ena anagwira nkhaniyo osaitaya. Mu 1988 Mapanje anapatsidwa mphoto ya ndakatulo ya ku Rotterdam, ndipo mlembi wa ku Nigeria Wole Soyinka ndiye anakailandira m'malo mwake. Wolemba zisudzo wa ku Britain Harold Pinter anakawerenga ndakatulo zake panja pa ofesi ya kazembe wa Malawi ku London. Mapanje anatulutsidwa pa 10 Meyi 1991, atakhala zaka 3, miyezi 7 ndi masiku 16, miyezi khumi kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992 isanawerengedwe m'matchalitchi. Anauzidwa kuti afunsirenso ntchito yake ya ku yunivesite ngati mlendo. Mu 1991 momwemo ananyamuka ndi banja lake kupita ku York, ndipo waphunzitsa ku Leeds, ku Newcastle ndi ku York St John.

Mabuku otsatira anabwera motere: Skipping Without Ropes mu 1998, The Last of the Sweet Bananas mu 2004, Beasts of Nalunga mu 2007, Greetings from Grandpa mu 2016. Mu 2002 anasonkhanitsa zolemba za akaidi a mu Africa m'buku la Gathering Seaweed, ndipo mbiri ya ukaidi wake, And Crocodiles Are Hungry at Night, inatuluka mu 2011, patatha zaka 20 chitulukireni. Pali owerenga amene amati ndakatulo za pambuyo pa ndende zinatalika, zinachuluka maina ndi mkwiyo, ndipo zinataya kufupika kwakuthwa kwa buku loyamba. Pena akunena zoona. Mantha ankamukakamiza kusefa liwu lililonse katatu, ndipo mantha atachoka sefayo inakula maso. Koma sindigwirizana ndi amene amafika ponena kuti ukapolo ndiwo unkamulembetsa bwino. Ntchito inasintha. Buku loyamba linkafuna kudutsa pa chipata osagwidwa. Mabuku otsatira ankafuna kuti maina a omwe anafera m'ndende ndi pa msewu wa ku Mwanza alembedwe penapake pomwe sipangakwechedwe, ndipo kaundula sakhala wamfupi.

Mbali ya moyo wake yomwe imaiwalika kawirikawiri ndi ya ukatswiri wa zilankhulo. Digiri yake ya udokotala ya ku University College London, ya 1983, inali yofufuza momwe aneni amasonyezera nthawi m'Chiyao, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Ndi nkhani ya kusiyana kwa "wapita", "anapita", "ankapita" ndi "amapita", ndi momwe womvera amadziwira tanthauzo lomwe silinanenedwe poyang'ana pomwe mawuwo alankhulidwira. Tikati "amfumu agona", mawu ndi omwewo, koma pakhomo pali phee ndi pakhomo pali nkhwazi ya maliro zimapereka matanthauzo awiri. Munthu amene anathera zaka akusanthula zimenezi ankadziwa bwino lomwe kuchuluka kwa zomwe angasiyire womvera. Chaka chomwecho anatulutsa, pamodzi ndi Landeg White, buku la Oral Poetry from Africa, losonkhanitsa nyimbo ndi ndakatulo zapakamwa. Kafukufuku ndi ndakatulo zinali ntchito imodzi.

Chotsalira ndi funso lowawa kwa ife a kuno: analemba m'Chingerezi. Amayi omwe nyimbo zawo zinamuphunzitsa luso sangawerenge zomwe anapanga nalo, ndipo mabuku ake, osindikizidwa ku Britain, sapezeka wambawamba m'masitolo a pa boma. Yankho lachidule n'kumasulira, koma amene wayesapo amadziwa pomwe pamavuta. Tengani nkhuku zija. M'Chingerezi zikulankhula ndi mwini wake ndi liwu limodzi la "you", lomwe silisonyeza ulemu kapena chipongwe. M'Chichewa mulibe pobisala potero. Mukati "iwe", nkhuku zatukwana, chophimba chang'ambika pa mzere woyamba. Mukati "inu", zagwada, ndipo muyenera kupeza njira ina yolowetsera ululu. Liwu loitanira mwiniyo nalonso ndi msampha: "bwana" likukokera kwa mzungu wa pa esiteti, "mfumu" likuloza ndale poyera, "mbuye" likupita ku tchalitchi, ngakhale lili ndi ubwino wakuti limatanthauzanso mwini chiweto ndi mwini mbumba. Ine ndingasankhe "inu" ndi "mbuyathu", n'kusiya funso lomalizira lilume lokha, chifukwa mwa ife ulemu wopitirira muyeso ndiwo umapweteka kwambiri. Chingerezi chinamupatsa malo amodzi obisalapo omwe Chichewa ndi Chiyao sizikanamupatsa, ndipo womasulira ayenera kumanga pobisalira pena ndi zida za kuno.

Kwa mphunzitsi wa Fomu 3 ku Malindi kapena ku Namwera amene wapeza kope limodzi, cholakwika chachikulu n'kuyamba ndi Kamuzu. Mukangolemba pa bolodi kuti mwini nkhuku ndi Dr Banda, ana amakopera, ndakatulo n'kusanduka funso la mbiri lokhala ndi yankho limodzi. Yambani ndi kuiwerenga mokweza kawiri, kachiwiri awerenge mwana. Afunseni kuti akulankhula ndani, akulankhula ndi yani, ndipo chamupweteka n'chiyani, ayankhe m'Chichewa kapena m'Chiyao ngati Chingerezi chikuwatsamwa. Kenako apempheni nyimbo ya pa mtondo, ya pa chinamwali kapena ya asodzi pokoka khoka yomwe imanena munthu osamutchula, ndipo muilembe pambali pa ndakatuloyo. Chaka cha 1970 ndi dzina la Vorster zibwere pamapeto, mphindi khumi zomaliza. Nthawi zambiri ana amakhala atapeza kale mwini nkhuku wawo, wina wa pa dooko amene amagula usipa pa mtengo wake wake, wina wa pa mpando wa m'mudzi, ndipo ameneyo musawakanize.